Kachidutswa ka a Hamza Kali mu Fuliji

Lolemba, 7 Julayi 2025

Tabwerako ku Blantyre. Titatsika minibasi pa Dwangwa, a Hamza tinachita kuwakweza pa njinga yamoto ngati thumba la mpunga. Amuna anga omwe ankagwetsa mzere wonse wa nzimbe osawongola msana.

Chotupa cha mu ubongo chameranso pomwe anachotsa paja. Makapisozi onse aja, kusanza konse kuja, pachabe. Ndinafunsa adokotala, a Nester, ngati mankhwalawo anali abodza. Akuti ayi. Anandijambulira tizithunzi: maselo a chotupa ali ndi mapuloteni, mapuloteniwo amavala timaunyolo ta shuga tomwe thupi limapanga lokha. Mu zotupa zina timaunyoloti timalukika mwachilendo, ndiye akuganiza kuti n'chimodzi mwa zinthu zothandiza chotupa kupirira mankhwala. Akuganiza. Sakudziwa.

Ndinafunsa ngati ndi shuga wa mu tiyi kapena wa ku fakitale. Akuti sizikukhudzana n'komwe. Zinandikhumudwitsa. Ndimafuna wina woti ndimutukwane.

Lachitatu, 9 Julayi

Chomwe sindinalembe dzana. Kachidutswa ka chotupa komwe anachotsa pa opaleshoni anakasunga mu fuliji. A Nester akupempha kuti akatumize kunja, kwa anthu ofufuza za shuga ameneyu. Anafunsa eni ake, koma eni ake anali akungosinza, mpira n'kugwera kwa ine. Ndinati, kodi ziwathandiza a Hamza? Anayang'ana pansi. Akuti mwina odwala a m'tsogolo.

A m'tsogolowo ndi abale anga?

Akuti ndiganize kaye, ndidzawaimbire.

Lachinayi, 10 Julayi

Pakamwa pangapa. Ndinauza alamu, a Salimu, akulu awo a Hamza. Sanafunse n'komwe kuti m'bale wawo wagona bwanji. Akuti mnofu wa Msilamu sukhala mu fuliji ngati chambo cha pa golosale. Ukatengedwe msanga, poti maliro athu sagona, tsikulo likadzafika sipadzakhala nthawi yothamangira ku Blantyre. Munthu aikidwe wathunthu.

Zonsezi amanenera pakhonde, zenera lili lotsegula, a Hamza ali maso m'katimo. Munthu akupuma, anzake ayamba kale kumuyeza sanda, nsalu ya maliro.

Lachisanu, 11 Julayi

Awotchanso nzimbe. Phulusa lonse pa mashiti omwe ndinayanika. Kuchapanso.

Nkhani yatuluka ku mzikiti yafika pa mjigo. Akuti ine Zuhura ndikugulitsa ubongo wa mwamuna wanga kwa azungu. Nditafika, mmodzi mwa amayi a pa mjigopo anandifunsa za odwala ndi mawu okoma ngati uchi. Ndinayankha kuti alipo. Chiyambire matendawa palibe mwa iwo anabwerapo ndi mtolo wa nkhuni, koma za m'mutu mwa amuna anga akuzidziwa kuposa adokotala.

Loweruka, 12 Julayi

Mwera. Mutu ukuwapweteka. Sanadye.

Lamulungu, 13 Julayi

Lero anandiitana ndi dzina la malemu mayi awo. Dzanja lamanja silikugwiranso kapu.

Ine mwini sindikudziwa chomwe ndikufuna. Kukana ndikufuna, kuti a Nester nawo amveko kuwawa, iwo ndi tizithunzi tawo. Kuvomera ndikufunanso, kuti alamu aone kuti pakhomo pano pali munthu. Zonse ziwiri n'zamkwiyo basi. Ngakhale kuswali kukundikanika.

Lachiwiri, 15 Julayi

Alamu anafika m'mawa atavala mkanjo wa paulendo. Akuti ndiimbe foni ndiwauze achipatala kuti akubwera kudzatenga kachidutswa kaja. Ndinati foni ndi yanga. Anati m'bale ndi wawo. Tinakokanakokana mpaka m'chipinda, pamutu penipeni pa wodwala, manyazi onse atathawa.

Kenako tinamva kugogoda. A Hamza, ndi dzanja lamanzere, pa thabwa la bedi.

“Achimwene, mukukatenga chani?”

“Mnofu wako, mng'ono wanga. Kuti udzagone wathunthu.”

A Hamza anavutika nthawi yaitali kusaka mawu. Ndinawapukuta malovu.

“Si wanga uja. Chandidya ndili moyo. Ndikagonenso nacho m'manda?” Anapumira. “Asiyeni achidule. Achivule shuga wakeyo, achione.”

Sabata yonse tikulimbana, palibe anaganiza zowafunsanso. Ngakhale ine.

Alamu anavula kofia, n'kukhala pa mkeka. Ine ndinatuluka kukaimba. A Nester anati afuna amve okha kuchokera kwa eni ake, ndiye ndinabwerera n'kuwaika foni pakhutu. Anangoti “tengani”. Adokotala atayamba kuthokoza ndinadula. Sindinachitire iwo.

Ulendo wa ku Blantyre wathera pomwepo. Panopa alamu ali m'chipinda, akumwetsa mng'ono wawo tiyi ndi supuni, koyamba chiyambire. Sadziwa kugwira mutu, wambiri akutayikira pa shiti. Wochapa ndine.

Ndaima pakhomo. Sindikuwalanda supuniyo.