CHETE wa Bambo Musamufute

Okondedwa achemwali a Mirriam,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse ku Kandeu. Nanga bondo la bambo lija? Ndangofunsa mwamwambo, poti yankho ndaliona kale pa vidiyo imene mng'ono wanu Tawina wanditumizira. Ine kuno ku Joni ndili bwino, chimfine chokha ndiye chakana kusamuka.

Ndakwiya, achemwali. Mulaibulale yathu yakale ija, mmene bambo ali mlonda anandikoka khutu chifukwa chongotsokomola, lero mukuvinitsamo ngoma? Ndawaona bambo eni akewo, nthenga kumutu, chishango m'manja, akuponda mpaka fumbi kuyoyoka kudenga, pansi penipeni pa CHETE amene analemba okha pakhoma. Madigiri anga awiri alephera kundimasulira zimenezi.

Vidiyoyo ndaonetsa ofesi yonse. Mnzanga wina wachizulu anafunsa ngati nkhalambayo ndikuidziwa. Ndinamuuza kuti funso lotero amafunsa ataimirira.

Tawina akuti akuluakulu a boma akubwera mwezi wamawa kudzagamula ngati nyumbayo ikhalebe ya mabuku, zisudzo ndi magule anuwo, kapena apatsidwe a Fanizo a bizinesi aja azisungiramo mbatata ya kachewere. Kachewere, m'nyumba imene inamangidwa agogo asanakwatiwe! Tonse ophunzirafe tinathawa n'kuisiyira mileme. Inu mwaidzazanso anthu mpaka ena kusuzumira pawindo. Sindikonda kukuyamikirani, mumatupa msanga, koma apa mwandigonjetsa.

Akutinso mwagula laimu kuti muyeretse makoma alendowo asanafike. Pempho langa ndi limodzi: pakani ponseponse, koma CHETE yekhayo musamufute. Ndikudziwa kuti E womalizayo anayang'ana kumbuyo, ndipo mwina akukuchititsani manyazi. Bambo anaphunzira zilembo ali aakulu kale, kumigodi konkuno, ndipo palibenso pena pamene dzanja lawo linalemba poti anthu awerenge. Laimu akangopita pamenepo, zatha.

Akuluakuluwo mukawaimike pakhoma pomwepo, muwauze amene analemba, kenaka bambo alowe ndi chishango chawo. Tione amene atsegule pakamwa kutchula kachewere.

Mundiperekere moni kwa mayi, alamu anga a Richard, azakhali ku Kasinje, ndi Tawina kazitape wanga. Bambo muwauze kuti mwana amene anamukoka khutu uja wawakhululukira, ndipo akuti phokosolo alionjezere.

Ndine mlongo wanu wokwiya,
Nicholas