Nsanamira Yosasemedwa

Lolemba, 15 Epulo

Achimwene Arunachalam afika kuchokera ku Chennai, mimba patsogolo, foni kukhutu. Asanasambe n'komwe ayamba kale za munda wa nyale. Akuti apeza anthu ofuna kudulamo mapuloti. Ndawakumbutsa kuti mundawo kholo lathu, a Muthaiya Pillai, anaupereka kwa mulungu Shiva. Ife kwathu n'kulima chabe, mpunga ndi mafuta tizipereka kukachisi kuti nyale isazime. Iwo ati, "Visalam, pepala lili m'dzina langa. Mulungu wakoyo amasaina?" Ndangowatsirira khofi.

Lachiwiri, 16 Epulo

Kukachisi kukathira mafuta. Ndadutsa pakhonde la makolo monga mwa masiku onse. Nsanamira iliyonse ili ndi mwini nyumba wathu wosemedwa pamwala, chilili, manja ataphatikiza pachifuwa. A Muthaiya koyambirira, bambo chakumapeto. Munthu samusema ali moyo. Yatsala imodzi yosalala, ija ndinkawaseka nayo achimwene tili ana kuti iyi ndi yanu.

Dzuwa lonseli, zinzake zili gwa, zouma. Iyo yokha yachita chinyezi. Ndagwira, ndanunkhiza. Si mafuta.

Lachitatu, 17 Epulo

Wansembe, a Sambasivam, abwera kunyumba ndi ndodo yawo kudzaitana za Lachisanu. Mwambo ndi womwe uja: nsalu zimatuluka m'chipinda cha mulungu, amamanga pansanamira za makolo uku akutchula mayina, yomaliza n'kumanga pamutu pa mwini nyumba wamoyo. Achimwene akana. Akuti akalandira nsaluyo pamaso pa mudzi ndiye kuti avomera kuti munda ndi wa kachisi, pamene ogula akubwera Loweruka.

A Sambasivam ati, "Bwana, nsalu ikatuluka siibwereranso m'kati. Iyenera kumangidwa penapake."

"Mangani pamutu pa Visalam, ndi amene amagona ndi nyale m'mutu."

Achimwene aseka okha. Akudziwa bwino kuti mkazi samumanga. Wansembeyo anangotsamira ndodo n'kumawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati telala.

Lachinayi, 18 Epulo

Ndawachonderera achimwene mpaka misozi. Ati ndisiye zachimidzi. Ndikuopa, ndipo sindikudziwa chimene ndikuopacho.

Lachisanu, 19 Epulo

Achimwene sanabwere. Mudzi wonse unali pakhonde, ng'oma, lubani, maluwa. A Sambasivam anamanga a Muthaiya, anamanga onse mpaka bambo. Anatsala ndi yomaliza m'manja. Anaitana dzina la achimwene, zii. Anaitananso, zii. Basi anapita pa yosalala ija, anaizunguliza nsalu pamsinkhu wa mutu wa munthu, n'kutchula "Arunachalam Pillai" ndi mawu otsika aja amatchulira akufa.

Ng'oma zinaleka popanda wouza. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'ona kuti, "Amumangira ali moyo." Nditacheuka aliyense maso pansi.

Kunyumba ndawapeza achimwene akudya. Ndawauza zonse. Aseka mpaka kutsamwa, ati bola mwala wawathandiza ntchito. Koma posamba m'manja anakhalitsa pabeseni. Akuti zala zachita dzanzi, ndi foniyi.

Loweruka, 20 Epulo

Ndinalawira kukachisi ndi mafuta. Sindinafune kuyang'ana, koma maso alibe mwambo. Nsalu ikadali pompo. M'munsi mwake mwala watukumuka pang'ono, pamalo pa chifuwa. Dzulo panalibe. Kaya panali? Sindinagwire.

Pobwera ndapeza galimoto ya ogula pabwalo, mapepala ndi cholembera patebulo la pakhonde. Achimwene ali chilili pamwamba pa masitepe, manja ataphatikiza. Alendowo anayesa ndi moni, nawonso anaphatikiza awo, akumwetulira, kudikira kuti awauze pokhala. Koma achimwene sankayang'ana iwo. Nkhope inali kukachisi.

Nditayandikira anandiuza motsitsa, milomo isakuyenda bwino, "Visalam, mlongo wanga, tandilekanitsa manjawa."

Chibadwire sananditchulepo mlongo wanga. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, sanasunthe. Ngozizira. Ndawauza alendo aja kuti atithandize tiwanyamule tipite kuchipatala, anthu atatu alephera kuwachotsa pamene aimapo.

Ndikulemba izi tikudikira dokotala. M'zala zanga mwatsala fumbi lotuwa, ndasamba koma silikuchoka.