Chisoso pa Mwendo wa a Sungani

Okondedwa alamu anga a Iness,

Ndikhulupirira kuti inu ndi ana muli bwino ku Joniko. Foni yanu sikugwira, n'chifukwa chake ndapatsira kalatayi dalaivala wa pamalire. Kuno kwa Nthache mvula ikugwa, ndipo chisoso chimene ndinafesa kuseri kwa nyumba chakula mpaka kuchita maluwa. Tikudya, china ndikufutsa.

Koma masamba ambiri akuthera pa mwendo wa achimwene anu a Sungani. Anadzitema ndi nkhwangwa kumakala mwezi watha. Ndimasinja chisosocho n'kufinyira madzi ake pabala, monga ankachitira amayi anu. Poyamba bala linauma, mtima wanga unakhala pansi. Tsopano mwendo watupa mpaka m'bondo ndipo wayamba kuda.

Dzulo ndinawachonderera kuti tikwere kabaza tipite kuchipatala ku Thambani. Anati, "Maureen, kumeneko akandidula mwendo. Kathyole chisoso china." Ndinakathyola. Lero akana phala, ndipo andiitana ndi dzina lanu.

Amuna angawa amamvera inu nokha. Chonde alamu, ngati simungabwere, aimbireni msanga, akadali kuzindikira mawu a anthu.

Ndine mlamu wanu,
Maureen