Mipeni ya Abambo Yayamba Kudula Mokhota

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno tilipo. Abambo ndi amayi akudzuka, inenso ndikupitabe kumsika ndi tebulo langa la mipeni. Kalatayi muiwerenge muli nokha, chifukwa muli funso lanu.

Nkhani inayamba ndi bambo wa butchala uja, amene wakhala akugula mipeni ya abambo zaka zonsezi. Mwezi watha anafika patebulo panga n'kuponyapo mipeni iwiri, moni osapereka. Anati kuthwa ndi yakuthwa ndithu, koma ikuthawira kumbali, akafuna kudula nyama mowongoka imakhota. Kenako anandifunsa ngati mkuluyo wayamba kugula mipeni kwa anthu ena n'kumangodindapo chizindikiro chake. Ndinamukalipira anthu akuona, mpaka anatola mipeni yake n'kumapita. Koma nditafika kunyumba ndinatenga mpeni watsopano n'kudulira kabichi. Unakhotadi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyang'anitsitsa. Mukukumbukira momwe abambo ankasankhira zitsulo kwa wogulitsa zitsulo zakale uja. Sipuling'i ya galimoto ankaitembenuza kangapo kufufuza ming'alu, macheka odyedwa ndi dzimbiri ankawakankha ndi phazi. Pano sapitako, amatuma amayi. Amayi athu omwewa, amene ankati fungo la oyilo wakuda limawapweteketsa mutu! Chitseko cha shedi nachonso, chomwe chinkakhala chotsegula kuti utsi uzituluka, masiku ano amachimanga ndi waya mkati.

Ndinaganiza zambiri, zina zochititsa manyazi. Ndinati mwina akusula zitsulo zakuba. Ndinati mwina alemba munthu ntchito mobisa. Tsiku lina ndinaona chilonda chamoto pamkono pa amayi, iwo n'kunena kuti ndi poto. Poto wanji wootcha munthu mzere wowongoka ngati rula?

Patatha sabata wa butchala uja anabweranso, ulendo uno akuseka. Anati ndisadandaule, mipeni ija watenga mkazi wake, ndipo akuti sanagwirepo mipeni yomumvera ngati imeneyo. Mkazi wakeyo ndi wamanzere. Achimwene, pakhomo pathu wamanzere ndi mmodzi yekha.

Lachitatu ndinalongedza tebulo masana, n'kulowera njira yakuseri. Ndinasuzumira pampata wa malata a shedi.

Amayi ndi amene anali pamoto. Dzanja lina akupopa mvukuto, lina agwira chitsulo ndi chopanira m'makala. Abambo anakhala pafupi ndi chidutswa cha njanji chomwe amasulirapo chija, nyundo ili pamwendo, nkhope italoza kukhoma.

"Chafiira bwanji?" anafunsa abambo.

"Ngati tomato."

"Dikirani kaye."

"Tsopano ngati lalanje."

"Tulutsani, msanga!"

Amayi anaika chitsulocho panjanji n'kugogodapo kawiri kuti abambo amve pomwe chili. Abambo anayamba kumenya, mutu atapendeketsa ngati munthu womvetsera wailesi yakutali. Amamenyabe bwino, sindinama. Koma kamodzi nyundo inaphonya n'kugunda chopanira, pafupi penipeni ndi zala za amayi. Amayi sanalire ngakhale pang'ono. Anangoluma mlomo n'kunena kuti apitirize, zili bwino.

Atatha kuviika mpeniwo mu oyilo, amayi anatenga wina wozizira n'kuyamba kuupala ndi tupa, kenako kuunola pamwala, zonse ndi dzanja lawo lamanzere lija. Abambo ankangoyesa kuthwa kwake ndi chala chachikulu. Atafuna madzi, dzanja lawo linayenda pabenchi likufufuza kapu yomwe inali patsogolo pawo penipeni.

Abambo sakuona, achimwene.

Madzulo ndinawapeza amayi akuanula zovala. Poyamba anakana, mpaka ndinawagwira mkono wa chilonda uja. Ndipamene anaulula kuti zinayamba chaka chatha, ndipo pano abambo amangoona ngati chifunga, moto amauona ngati chinthu choyera basi. Akuti abambo anawalumbiritsa kuti asauze munthu, chifukwa anthu akamva palibe adzagule mpeni wa munthu wosaona. Amayi anandichonderera kuti ndisawachititse manyazi. Anati abambo akasiya nyundo sadzadzukanso pamkeka.

Tsopano funso lija. M'mawa mwake, iwo asanadzuke, ndinalowa m'shedi. M'chitini cha misomali yomangira zigwiriro ndinapezamo kabotolo ka mankhwala a m'maso, kokulungidwa m'pepala la sitolo ya komwe mukukhalako. Papepalapo panalembedwa kuti "madontho awiri, kawiri patsiku". Zolemba zanu ndimazidziwa, ndinu munandiphunzitsa kugwira pensulo. Ndakumbukiranso kuti mutabwera patchuthi munawatenga abambo tsiku lonse, mukuti mukukaona zitsulo, koma munabwerako opanda ngakhale msomali. Munapita kuti tsiku lija? Dokotala anati chiyani? Ndiye kuti nonse atatu mumadziwa, ine n'kumakangana ndi anthu kumsika ngati wamisala?

Ndakwiya, sindibisa. Ndine amene ndimawaikira madzi osamba, ndine ndimagulitsa mipeniyo, koma ndine amene munaona kuti sindingasunge nkhani. Komabe mkwiyo wangawo tidzakambirana mtsogolo. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi zala za amayi. Tsiku lija nyundo inagunda chopanira. Tsiku lina sidzagunda chopanira.

Ndinafunsa namwino woyandikana nafe uja, ngati ndikufunsira munthu wina. Anati ikakhala ng'ala madokotala amatha kuichotsa m'maso, munthu n'kuonanso, koma amafunika ayezedwe bwinobwino. Ngati ndi zimene munauzidwa, mukudikira chiyani? Ngati munauzidwa zoipa kuposa apa, ndiuzeni, sindine mwana. Abambo sindinawauze kuti ndadziwa, ndipo ine sangandimvere. Inu amakumverani. Pemphani tchuthi mubwere mwezi uno usanathe, tikhale pansi tonse anayi chitseko chili chotsegula.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo anawo muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Mulungu akusungeni ndi kukuyendetsani bwino panjira.

Chomaliza. Mukadzafika, musadzatambasule dzanja n'kumadikira kuti abambo alione. Mlendo wina anachita zimenezo dzulo, dzanja lake linakhala m'malere mpaka amayi anatsokomola. Inu mudzangowagwira dzanja nokha.

Ndine mlongo wanu,
wa patebulo la mipeni