Chala Pakhosi

Lolemba, 3 Malichi

Andibweretsera mwana wina woti ndilere. Nayeli, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Kathumba kamodzi ka zovala, basi. Samva, salankhula. Mayi Tolliver a ku ofesi yoona za ana akuti mayi ake anamwalira, bambo ake, a Eusebio, amachezera ku ntchito ku fakitale ya nkhuku, ndipo mwanayu anapezeka akuyenda yekha m'mbali mwa msewu waukulu. Ndafunsa ngati amadziwa chinenero chamanja. Ayi. Nanga womuphunzitsa? "Tamulembetsa kale, mudikire." Ana a boma la Arkansas ndalera ambiri ine, "mudikire" ndimamudziwa. Ndawauza pamaso pawo kuti bodza ndimalimva fungo.

Lachinayi, 6 Malichi

Kudya amadya. Chikondamoyo changa sichikugona. Ndikudziphunzitsa zamanja pa foni, koma iye amangondiyang'ana ngati ndikuingitsa ntchentche. Ali ndi zizindikiro zakezake zochokera kwawo.

Masana waima pawindo, wandiyang'ana, wadutsitsa chala pakhosi. Ngati mpeni. Wabwerezanso. Mwana wamng'ono chotere zimenezi waziona kuti? Ndani wakhala akumuopseza?

Loweruka, 8 Malichi

Tsiku lokaonana ndi bambo ake ku ofesi. Kuyambira m'mawa chala chili pakhosi. Bamboyo ndi wamfupi, manja zipsera zokhazokha, chipewa m'manja, kumwetulira kosatha. Chingerezi cha apo ndi apo. Nayeli wamuthamangira, inde. Komatu ana amathamangira ngakhale wowamenya, ndinazionapo.

A Wendell, amuna anga, pobwerera: "Inutu mayi, munthu akangokusekererani mumayamba mwasuzumira m'chikwama ngati zonse zilimo." Ndati inu yendetsani galimoto.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndawaimbira Mayi Tolliver, ndawauza kuti bamboyo akumuopseza mwana. Iwo: mabala mwawaona? Ayi. Mwana amalira akamuona? Ayi. "Ndiye mukutsimikiza?" Ndakalipa. Ndati mukufuna muyambe mwaona magazi? Akuti alembera woweruza. Avomera msanga kwambiri. Awanso sindikuwakhulupirira, akungofuna mlandu ukadzabuka usadzagwere iwo.

Nsapato za Nayeli zikumuthina, ndalama ya boma sinafike. Ndagula ndi yanga. Anagona pamiyendo panga mpaka mwendo unachita dzanzi. Sindinamusunthe.

Lamulungu, 16 Malichi

Tachoka ku tchalitchi, ndikuduladula nkhuku yamphumphu. Nayeli walowa, waona, wayamba kudumpha. Kuloza nkhuku, chala pakhosi, kenako dzanja pamutu ngati akuvula chipewa. Akuseka. Kuseka kwenikweni, mano onse pamtunda.

A Wendell aimbira mnzawo wa ku fakitale kuja. Akuti a Eusebio amaima kumapeto kwa makina ndi mpeni, kumalizitsa nkhuku zimene makina aziphonya khosi. Ndiyo ntchito yawo chifikireni kuno.

"Ndi dzina limene anawapatsa bambo ake limenelo, mayi," atero a Wendell. "Ine ndine kukoka ndevu. Inu ndinu dzanja lotsegukatseguka ngati mlomo wa bakha. Simunazindikire? Mwanayu samva, koma wakudziwani."

Sindinaseke. Mwina ndi dzinadi. Mwina ndi dzina komanso chiopsezo, munthu wa mpeni ndi wa mpeni. Koma mwana amene akuopa saseka chomwecho. Chakudya sichinalowe.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndapita ndekha ku ofesi. Woweruza waimitsa kale zoonana ndi bambo mpaka mlandu udzalowe mwezi wamawa. Ndati bwezani. "Munanena nokha kuti mukutsimikiza," atero Mayi Tolliver, osakweza n'komwe mawu. Akuti ngati ndasintha maganizo ndikazinene ndekha ku khoti. Akutinso a Eusebio anali atapempha kale kuti azigwira masana, anapezanso mayi wina woyandikana nawo nyumba woti azimuyang'anira mwana. Pakadapanda mawu anga, akadamutenga chilimwe chisanafike. Dzulo akuti a Eusebio anabwera, anakhala pampando mpaka kutseka ofesi, osamvetsa chimene alakwa.

Kunyumba a Wendell: "Kodi bambo aja munawaopadi, kapena mwanayu mwamufuna?" Ndaswa mbale. Kenako ndasesa magalasi.

Ku khoti ndipita. Ndikanena zonse, ndi za bakha zomwe. Ndikatero bambo ake amutenga. Chipinda chimene amagonamo chikhalanso chopanda munthu.

Loweruka, 22 Malichi

Sindikudziwa Nayeli amawerenga bwanji masiku, koma Loweruka amalidziwa. Wadziveka yekha, nsapato zatsopano, tsitsi wapesa mbali imodzi. Waima pakhomo. Chala pakhosi, kuloza galimoto.

Ndilibe chizindikiro cha "lero ayi". Ndilibe cha "mwezi wamawa". Cha "pepa" ndinachiona pa foni, koma iye sachidziwa. Ndangopukusa mutu.

Waganiza kuti sindinamve. Wabwera, wagwira dzanja langa, wapinda zala zinazo n'kusiya chimodzi, wachiika pakhosi panga. Wachidutsitsa pang'onopang'ono, kundiphunzitsa. Wandiyang'ana ngati tsopano ndamva, wabwerera pakhomo.

Akadali pomwepo.