Nyimbo zanga zinatsalira m'munda wa tiyi

Aphungu,

Ndine bambo wa ana awiri. Kwa zaka zambiri ndinkatchola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, ndipo nyimbo zinkandibwerera dengu lili kumsana. Ndikayambitsa, amayi a m'gulu lathu ankavomera mpaka mzere kutha osazindikira. Anzanga anandikopa: "Luso lonseli ukufera masamba?" Chaka chatha ndinasiya ntchito n'kugula gitala. Potsanzika ndinayankhulanso motumbwa.

Pano ndimaimba m'mabala ku Khonjeni ndi pa Boma. Ya sopo imapezeka, ndisaname. Koma akumwa safuna nyimbo zanga, amafuna za pa wailesi. Ndikayesa yanga amakuwa, "Sintha iwe!" Chichokereni kumunda sindinapeke ngakhale imodzi, ndipo gitalayo ndikamuona mtima umalema.

Dzana ndinakumana ndi kapitawo wathu, a Everson. Anati, "Mvula ikagwa tiyamba kulemba anthu. Bwerani, gulu linazizira." Akazi anga akuti ndipite. Koma ndikafika ndi nkhope yanji? Si kuvomera kuti ndalephera kumeneku?

D.M., Khonjeni

A D.M.,

Mwandimvetsa chisoni, komanso mwandiseketsa pang'ono. Munathawa ntchito kuti muziimba, lero kuimbako kwasanduka ganyu, mabwana ake oledzera. Bola kapitawo, amalamula asanalawe.

Pitani mukalembetse. Nyimbo zanu zimafuna anthu ovomera, ndipo m'bala mulibe. Tiyi naye ali ndi nyengo yake, inu mukudziwa kuposa ine. Dzinja tcholani uku mukupeka. Masamba akachepa, maukwati ndi zinkhoswe zimakhala zayamba, ndiye tulutsani gitala. Nyimbo ikabwera, ijambuleni pa foni nthawi yopuma isanathawe, osati anzanu akukudikirani pa sikelo. Ku bala musasiyiretu, ana amadya. Muzipitako Loweruka, koma mugwirizane ndi mwini malo kuti yanuyanu izilowa anthu asanaledzere.

Ndikuchenjezeni ziwiri. Musazengereze ndi manyazi mpaka malo atadzaza, chifukwa a Everson sadzakusungirani dengu. Chachiwiri, kusekedwa mudzasekedwa ndithu. Amayi a m'tiyi sabisa mawu, ndipo ndikukayika ngati tsiku loyamba lidzathe asanakupekereni nyimbo ya munthu amene anapita ndi gitala n'kubwera ndi njala. Ikayamba musaweramitse mutu, musakwiye. Vomerani mokweza kuposa onse, kenako muwonjezerepo ndime yanu. Mukatero ndiye kuti mwayambanso kupeka.

Aphungu