Maola atatu popanda make

Maputo, 9 Novemburu 2024

Mana Florinda, mkulu wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu a Xavier ndi wa amama. Mwendo wa amama uja ukutupabe? Ine kuno thupi lili bwino, kachimfine chabe. Kalatayi ndapatsira a Laura, akazi a Silvano, amene akubwerera ku Metangula, ndipo alonjeza kuti afika nayo okha ku Msumba. Ndasankha pepala chifukwa pafoni pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo, mukundidziwa.

Nkhani ndi ya Rosita. Tsiku lija ndinakukalipirani nditamumva mwana wanga akukuitanani amama, ine n'kumanditcha uja wa m'foni. Ndinanena kuti mwandibera mwana, n'kulamula kuti mu Dezemburu mumupereke kwa msuweni wathu Zeca abwere naye kuno. Inu munangoti chabwino, mwana ndi wanga. Chichokereni tsiku limenelo mtima wanga sunakhale pansi. Werengani mpaka kumapeto musanayambe kumulongedzera zovala.

Ntchito yanga alamu amaiseka, amati ndine mlezi wa makoswe. Sakunama ayi. Ndi makoswe oyera a maso ofiira, osati aja otibera usipa pathandala, ndipo amawetedwa kuti anthu ophunzira azifufuzirapo za matenda. Ine ndimawapatsa chakudya ndi madzi, ndimawasinthira utuchi m'makaisha mwawo, timabokosi tokhalamo. Koma chaka chino abwana anga, Dotora Alzira, anandionjezera ntchito ina. Khoswe akaswa, tsiku lachiwiri ndimatola tiana tonse n'kukatiika m'kabokosi kofunda kuchipinda china kwa maola atatu, kenako n'kutibwezera kwa make. Tsiku lililonse choncho, mpaka masabata awiri. Akufuna kudziwa chimene chimachitika mu ubongo wa kamwana kosiyidwa.

Poyamba ndinkangotola ngati matimati pamsika. Tianato n'tofiira, topanda ubweya, maso otseka, ndipo sitimveka kulira, ndiye ine ndinkati sitidandaula. Tsiku lina Dotora anandiveka zomvera m'makutu zolumikiza ku kamakina kena. Mana, timalira! Kulira kwake n'kokwera kwambiri moti khutu la munthu silikugwira, koma make amamva. Ndinavula zomverazo msangamsanga, n'kunama kuti zikundithina.

Aja ndinkawachotsa mu Marisu, mwezi wachitatu uja, tsopano akula, onenepa bwinobwino, sungawadziwe. Koma ukamuika mmodzi m'bokosi lalikulu lopanda pobisala, amangoyenda chokhula khoma, pamene anzake amene sanachotsedwepo amafika mpaka pakati n'kumanunkhiza. Dotora akuti mwa ambiri a iwo mbali ya ubongo ya mantha imangokhala tcheru, ndipo mbali yosunga zimene aphunzira sikula mofanana ndi ya anzawo.

Ine ndikamamva zimenezi ndimaona m'mawa uja ku Msumba. Rosita anali ndi miyezi isanu ndi inayi. Tinamuletsa bere masiku atatu okha, ndi tsabola, poti ntchito sinkandidikira. Amama anati khanda silitsanzikidwa, mayi amangozemba, apo ayi limadwala ndi kupukwa. Inu munamubereka n'kupita naye kukavuula chinangwa, ine n'kudzera kuseri kwa tchalitchi ndi thumba langa mpaka pamsewu poima chapa, minibasi ija. Sindinacheuke, monga anandilangizira. Zaka zitatu ndakhala ndikudziuza kuti sanalire, chifukwa inu munandiuza choncho. Koma mana, sanaliredi, kapena munangondimvera chisoni?

Sabata yatha ndinachita chopusa. Tiana ta kaisha lina ndinatibwezera kwa make litangotha ola limodzi, papepala n'kulemba maola atatu. Masiku anayi ndikuchita zimenezo! Ndinkaima n'kumaonerera make akutinyamula kamodzikamodzi ndi pakamwa, kutinyambita, kenako kutifungatira. Tsiku lachisanu ndinapita ndekha kukaulula. Dotora anakwiya kwambiri. Kaisha lonselo analichotsa pa kafukufuku, ndiye kuti tianato tinalira pachabe, chifukwa cha ine. Anandilembera chenjezo kuti ndikabwereza ntchito yatha. Sindinatsutse, ndinalakwa.

Mkwiyo utatsika anandifunsa chimene chinandilowa m'mutu, ndipo ndinawauza zonse, ngakhale za kukukalipirani. Anandichenjeza kuti khoswe si munthu, ndisamayeze mwana wanga ndi za m'kaisha. Koma anandiuzanso kuti ofufuza ena anatenga tiana n'kupatsa khoswe wina wamkazi wokonda kunyambita, ndipo tinakula todekha ngati wotilerayo. Kenako anafunsa kuti Rosita akagwa amathamangira kwa yani. Yankho ndinali nalo. Pa Pasaka, pamene tinkaonana pa foni ya alamu, anapunthwa pakhonde. Ine ndinamuitana dzina katatu konse, iye anakadziponya pa nsalu yanu ya kapulana osayang'ana n'komwe.

Pamenepo ndinaona chimene ndinkafuna kuchita mu Dezemburu. Ndinkafuna kumuchotsanso kachiwiri, ulendo uno ali ndi nzeru, akudziwa nkhope ya amene akumusiya. Ndiye ndimubweretse m'kachipinda kanga ka lendi, ine ndizichoka m'mawa n'kubwera madzulo, iye azitsala ndi mayi wachilendo wolankhula Chishangana chokhachokha. Kuno kulibe amama, kulibe mchenga wosewerapo, kunja ndi magalimoto okhaokha. Ndinkadziuza kuti ndi chikondi, koma inali nsanje, mana, ndikuvomera. Mawu akuti amama aja anandibaya, ndiye ndinafuna kuti wina amvenso kuwawa.

Pempho langa ndi limodzi. Rosita asabwere. Muuzeni Zeca kuti asadutsirenso kwanu. Mulereni monga mwakhala mukuchitira, ndipo akakuitanani amama muziyankha ndi mtima wonse, osayamba mwayang'ana ngati foni ili yotsegula. Mawu aja oti munandibera mwana ndawabweza. Simunabe kanthu, ndinamutula ndekha pamsana panu. Inu mwamugoneka kuchipatala pa malungo kawiri, mwamuphunzitsa kuyenda, ine zonsezo ndinangozimva. Ndikhululukireni.

Ndibwera ndekha pa Natale, nyengo ya Khirisimasi, andipatsa masiku khumi. Musadzamukakamize kukhala pamiyendo panga, ndiponso amama asadzamukalipire akandithawa. Ndidzakhala pamkeka chapatali, adzabwere yekha ngati afuna. Akapanda kundiyandikira masiku onse khumiwo ndidzapirira, ndinadzipalira ndekha.

Moni kwa amama, muwauze kuti sindikuwaimba mlandu, anandilangiza zimene nawonso analangizidwa. Moni kwa alamu, kwa azakhali a Yuniya ku Lunho, ndi kwa amayi anzathu a kwaya.

M'thumba la a Laura muli tinsapato tofiira timene ndinamugulira Rosita kuti adzavale paulendo wobwera kuno. Kukula kwake ndinangoganizira, phazi la mwana wanga sindilidziwa. Tikapanda kumukwana mupatse mwana wina. Tikamukwana, azivala Lamulungu popita kutchalitchi ndi amake, atakugwirani dzanja.

Ndine mng'ono wanu wolongolola uja,

Ercília